Utumiki wa Akhristu wamba: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi a anthu amene sanadzozedwe, alibe kolala pakhosi, koma mtima sukuwalola kungoyang'ana mnansi akudwala, akulira kapena akusochera. Pamene mipingo imaphunzitsa mosiyana, tanena poyera.

Ine sindine mbusa, ndipo kusukulu ya zaubusa sindinapondeko. Kodi ndingatumikire?

Mungatumikire, ndipo simukulanda ntchito ya munthu. Pa Aefeso 4:11-12, Paulo akuti atumwi, aneneri, alaliki, abusa ndi aphunzitsi anaperekedwa kuti akonzekeretse anthu a Mulungu kugwira ntchito ya utumiki. Ogwira ntchitoyo ndi mpingo wonse. Mbusa ndi wowakonzekeretsa. Petro naye, polembera Akhristu obalalika ku Ponto, Galatiya ndi Kapadokiya, ena mwa iwo antchito a m'nyumba za anthu, anawatcha onse ansembe achifumu (1 Petro 2:9). Petro yemweyo, pamene anaima ndi Yohane pabwalo la akuluakulu, oweruza anazizwa poona kuti ndi anthu wamba osaphunzira. Chimene anawazindikira nacho n'chakuti ankakhala ndi Yesu (Machitidwe 4:13).

Mfundoyi si ya mpingo umodzi. Martin Luther anailimbikira m'zolemba zake za mu 1520, kuti aliyense wobatizidwa ali ndi gawo pa unsembe. Mpingo wa Katolika, pa msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, unatulutsa mu 1965 chikalata chathunthu chonena za utumwi wa Akhristu eni ake.

Kodi zinachitikapo kuti anthu wamba okhaokha n'kudzala mpingo kapena kuusunga?

Kambirimbiri. Stefano ataphedwa, chizunzo chinabalalitsa okhulupirira onse a ku Yerusalemu kupatula atumwi. Amene anathawawo ndiwo anapita nalalikira mawu kulikonse kumene anafika (Machitidwe 8:1-4). Ena mwa iwo, ochokera ku Kupro ndi ku Kurene, atafika ku Antiokeya anayamba kulankhula ndi Agriki, chinthu chimene anzawo sankachita. Luka, wolemba buku la Machitidwe, sanalembe mayina awo. Koma mumzinda umenewo ndimo ophunzira anayamba kutchedwa Akhristu, ndipo mpingo womwewo ndiwo unatuma Paulo ndi Barnaba.

Cha m'ma 170, munthu wina wophunzira dzina lake Celsus analemba zonyoza Chikhristu. Chimodzi mwa zimene zinkamunyansa chinali chakuti chikhulupirirochi chinkafalitsidwa m'nyumba ndi oluka ubweya, osoka nsapato ndi ochapa nsalu, anthu osayembekezereka kuphunzitsa aliyense. Iye ankanyoza, koma anatisiyira umboni wa amene ankagwira ntchito.

Ku Korea, mu 1784, Yi Seung-hun anabatizidwa ku Beijing n'kubwerera kwawo ndi mabuku. Anabatiza anzake, anzakewo n'kuphunzitsa ena. Pamene wansembe woyamba ankafika patapita zaka pafupifupi khumi, anapeza okhulupirira zikwi zingapo. Ku Madagascar, Mfumukazi Ranavalona I analetsa Chikhristu mu 1835, amishonale n'kuchoka. Okhulupirira anatsala ndi Baibulo la m'chinenero chawo, kumakumana mobisa, ena kuphedwa. Pomwalira mfumukaziyo mu 1861, chiwerengero chawo chinali chitakula kwambiri.

Ya ku Japan ndi yoganizitsa. Chikhristu chinaletsedwa mu 1614, ndipo kwa zaka zoposa 200 mabanja ena anasunga chikhulupiriro popanda wansembe: wina ankabatiza ana, wina ankasunga kalendala ya masiku opatulika, wina ankaphunzitsa mapemphero. Mu 1865 ena a iwo anadziulula kwa wansembe wachifalansa mu tchalitchi cha Oura ku Nagasaki. Kupirira kotere n'kodabwitsa. Komabe tinene zoona: m'zaka zimenezo mapemphero ena anasanduka mawu ongoloweza osamveka tanthauzo, ndipo ziphunzitso zina zinasakanikirana ndi zina. Anthu wamba angathe kusunga mpingo, koma akasowa owaphunzitsa kwa nthawi yaitali, pali zimene zimatayika.

Ndiyambire pati?

Pa anthu amene muli nawo kale. Andreya atakumana ndi Yesu anayamba wakapeza m'bale wake Simoni. Munthu wogwidwa ziwanda amene ankakhala kumanda atachiritsidwa anapempha kukwera ngalawa ndi Yesu, koma Yesu anamubweza kwawo kuti akauze abale ake (Marko 5:19). Mu 1855, mphunzitsi wa Sande sukulu Edward Kimball analowa m'sitolo ya nsapato ku Boston kukalankhula ndi mnyamata mmodzi wa m'kalasi mwake amene ankagwira ntchito mmenemo. Mnyamatayo anali D. L. Moody, amene pambuyo pake analalikira kwa makamu ku America ndi ku Britain. Kimball sanapite kukafunafuna mlaliki wam'tsogolo. Anangotsatira mwana wa m'kalasi mwake.

Ganizirani anthu atatu amene mumaonana nawo sabata iliyonse. Apempherereni potchula mayina, ndipo mukakumana nawo funsani za moyo wawo ndi mtima wofuna kumva yankho.

Ndine wamanyazi, pagulu lilime limandilemera. Ulaliki si wa anthu olankhula bwino?

Mu Januwale 1850, chipale chofewa chinakakamiza mnyamata wa zaka 15, Charles Spurgeon, amene pambuyo pake anakhala mlaliki wotchuka, kupatukira m'katchalitchi kakang'ono ka Methodist ku Colchester. Anthu anali ochepa, ndipo mlaliki wa tsikulo sanafike. Anaimirira bambo wina woonda, wooneka kuti ndi mmisiri chabe. Anawerenga Yesaya 45:22, vesi loitana malekezero onse a dziko kuyang'ana kwa Mulungu kuti apulumuke. Katchulidwe kake ka mawu ena kanali kolakwika, ndipo patatha mphindi ngati khumi zonena zinamuthera. Ndiye anayang'ana mlendo wachinyamatayo n'kumuuza kuti akuoneka wosauka mtima, ayang'ane kwa Yesu. Spurgeon anatembenuka tsiku lomwelo, ndipo pofotokoza nkhaniyi satchula n'komwe dzina la bamboyo.

Umboni sufuna luso. Wakhungu wa pa Yohane 9 atapanikizidwa ndi mafunso a Afarisi anayankha kuti akudziwa chinthu chimodzi chokha: anali wosaona, tsopano akuona. Inunso nenani zitatu basi: mmene munalili, chimene munamva za Yesu, ndi chimene chasintha. Musakokomeze zoipa zanu zakale kuti nkhani ikome. Amene anakudziwani kale adzamva bodzalo.

Ndipo si utumiki wonse uli wa pakamwa. Tabita wa ku Yopa, Baibulo silinalembe ulaliki wake ngakhale umodzi. Atamwalira, amasiye anaimirira akulira, akuonetsa Petro malaya amene ankawasokera (Machitidwe 9:39).

Munthu akandifunsa funso limene sindidziwa yankho lake?

Muuzeni kuti, "Limenelo sindikulidziwa, koma ndikafunsa ndipo ndidzakuyankhani." Kenako kafunseni ndithu, n'kubwerera. Yankho lopeka limagwetsa zonse zimene munanena zoona. Petro akuti tikhale okonzeka kuyankha za chiyembekezo chathu, koma mofatsa ndi mwaulemu (1 Petro 3:15). Mkangano mungathe kuupambana, munthuyo osadzakutsegulirani chitseko kachiwiri.

Nthawi zina zimatembenuka: ndinu amene mukuona kuti wolalikira wasempha. Priskila ndi Akula, osoka mahema, anamva Apolo, katswiri wa Malemba wa ku Alesandriya, akuphunzitsa mosakwanira. Sanamudule mawu m'sunagoge. Anamutengera pambali n'kumufotokozera bwino (Machitidwe 18:26).

Pokazonda wodwala ndichite chiyani, ndisachite chiyani?

Yambani mwafunsa ngati mungabwere komanso nthawi yabwino. Wodwala amatopa ndi alendo ngakhale amawakonda. Mukafika sambani m'manja, ndipo ngati inu muli ndi chimfine, imbani foni basi. Musaimirire pamutu pake. Kokani mpando, maso anu akhale molingana ndi ake. Funso loti "Mwagona bwanji usiku wathawu?" limatsegula nkhani kuposa kufunsa dzina la matenda. Iye akafuna kutchula matendawo adzatchula yekha. Mphindi khumi ndi zisanu n'zokwanira, pokhapokha akakugwirani dzanja kuti musapite.

Pemphero muchite kupempha: "Agogo, mungalole kuti tipemphere limodzi?" Akavomera, funsani chimene akufuna mupempherere. Mudzadabwa kuti ambiri satchula thupi lawo, amatchula ana, ngongole, kapena m'bale amene sayankhulana naye. Pempherani mwachidule, motsitsa mawu, makamaka m'chipatala momwe pabedi loyandikana pali wina amene sanakuitaneni.

Pali zinthu ziwiri zoletsedwa. Choyamba, kusakasaka tchimo limene labweretsa matenda. Ophunzira anayesa zimenezo pa munthu wobadwa wosaona, Yesu n'kuwakaniza (Yohane 9:1-3). Chachiwiri, kuuza munthu kuti asiye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Anthu afa ndi uphungu woterewu, ndipo woupereka amapita kwawo ali bwinobwino. Yakobo 5:14 akuti odwala aitane akulu a mpingo awapempherere. Sakuti achotse dokotala. Luka, mnzake wa Paulo, anali dokotala.

Musaiwale wodwazika matenda. Kawirikawiri ndiye watopa kwambiri m'chipindamo, ndipo palibe womufunsa. Kumuuza kuti, "Mayi, kagoneni pang'ono, ine ndikhala pano," ndi utumiki wathunthu. Akhristu oyambirira ankadziwika ndi zimenezi. Pa mliri wa m'ma 250 ndi 260, bishopu Dionysius wa ku Alesandriya analemba za okhulupirira amene ankasamalira odwala mpaka ena kufa nawo matendawo. Mu 362, mfumu ya Roma Julian, amene ankadana ndi Chikhristu, anadandaula kuti Akhristu akudyetsa osauka awo ndi a anthu ena omwe.

Nanga kwa ofedwa ndinene chiyani?

Zochepa. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri, usana ndi usiku, osanena kanthu, poona kukula kwa chisoni chake (Yobu 2:13). Zinasokonekera pamene anatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chake Mulungu walola zimenezi, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anawadzudzula.

Mawu monga "Mulungu amafuna duwa kumwamba," "musalire, ali kwabwino," kapena "mudzabereka wina" amatuluka ndi mtima wabwino koma amabaya. Yesu ankadziwa kuti aukitsa Lazaro, komabe analira. "Pepani, ndilibe mawu, koma ndili nanu" n'zokwanira. Ngati munkamudziwa malemuyo, mutchuleni dzina ndipo nenani chinthu chimodzi chimene mukumukumbukira nacho. Ofedwa amaopa kuti wokondedwa wawo aiwalika msanga.

Ulendo wofunika kwambiri ndi wa pambuyo, khamu litabalalika, mafoni atasiya kulira. Lembani penapake tsiku la imfayo, mupitenso pakatha mwezi, ndiponso chaka chikakwana.

Munthu wandiuza chinsinsi. Ndingauze gulu lathu la mapemphero kuti timupempherere?

Ayi, pokhapokha mwini wake atalola, ndipo mumufunse kuti munene mpaka pati. Miseche yambiri mumpingo imayenda itavala dzina la "nkhani yofunika kuipempherera". Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ngakhale mwamuna kapena mkazi wanu sayenera kumva zimene munthu anakuuzani misozi ili m'maso.

Koma chinsinsi chili ndi malire, ndipo ndi bwino kuwanena munthu asanayambe kufotokoza. Ngati mwana akuchitidwa nkhanza kapena kugwiriridwa, ngati wina akumenyedwa moti moyo wake uli pachiswe, kapena munthu akuganiza zodzipha, simungasunge nokha. Za nkhanza kwa ana zipite kwa apolisi kapena oteteza ana, ngakhale wolakwayo akhale mtsogoleri wa mpingo. Kukambirana "mwauzimu" m'kachipinda kwateteza olakwa ambiri. Wolankhula zofuna kufa mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kwa achipatala. Mayi womenyedwa musamubweze kunyumba ndi vesi lakuti apirire.

Kodi kuthandiza munthu ndi zinthu si nyambo yomukokera kutchalitchi?

Imakhala nyambo ngati thandizolo lili ndi chingwe. Yakobo akufunsa phindu la kuuza wanjala ndi wausiwa kuti apite mumtendere osamupatsa kanthu (Yakobo 2:15-16). Yesu anachiritsa akhate khumi, wobwerera kudzathokoza anali mmodzi, ndipo asanu ndi anayi aja sanawabwezere khate lawo. Thandizani chifukwa munthuyo akusowa. Akafunsa chimene chakuchititsani, muuzeni.

Pa ndalama za gulu samalani. Paulo, potumiza chopereka ku Yerusalemu, anaonetsetsa kuti pali abale osankhidwa ndi mipingo oyenda nacho, kuti pasapezeke wokayikira (2 Akorinto 8:18-21). Ngati mtumwi sanafune kunyamula thumba yekha, inunso muwerenge muli awiri ndipo mulembe. Ndipo pemphero siligulitsidwa. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu, yankho la Petro linali loopsa.

M'bale wasiya kubwera kutchalitchi, kapena wagwa m'tchimo. Ndilowererepo?

Pitani, koma nokha poyamba, monga Mateyu 18:15 akunenera, ndiponso ndi mzimu wofatsa, mukudziyang'anira nokha (Agalatiya 6:1). Musayambe ndi "Bwanji simukuoneka?" Yambani ndi "Achimwene, takusowani, zikuyenda bwanji?" Ambiri amene amasiya sanataye chikhulupiriro. Wina anakhumudwa ndi mawu a munthu, wina ali ndi manyazi ndi ngongole, wina anadwala mwezi wathunthu popanda womuyendera.

Vutoli John Wesley, woyambitsa gulu la Methodist, analipezera njira mosayembekezera. Mu 1742 ku Bristol, anthu a Methodist anagawidwa m'timagulu ta anthu pafupifupi 12 kuti azisonkha ndalama yobwezera ngongole ya nyumba yopemphereramo. Atsogoleri a timaguluto, anthu wamba, poyendera anzawo sabata iliyonse anayamba kuona amene akuvutika ndi amene akubwerera m'mbuyo. Posakhalitsa timagulu tosonkhetsa ndalama tinasanduka malo osamalirana miyoyo. Munthu sangasowe mwakachetechete pagulu la anthu 12.

Kodi ndingabatize kapena kudyetsa Mgonero? Nanga abusa ndiwauze zimene ndikuchita?

Apa mipingo imasiyana. Mu mpingo wa Katolika, Misa ndi kulapitsa ndi za wansembe yekha, koma munthu akakhala pafupi kufa aliyense angathe kumubatiza ndi madzi m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Mipingo yambiri ya Chiprotestanti imasiyira ubatizo ndi Mgonero odzozedwa, pamene ina imalola akulu a mpingo. Tsatani dongosolo la mpingo wanu.

Abusa auzeni. Si kupempha chilolezo chokonda mnansi, koma kuti wina azidziwa kumene mukupita ndipo athe kukubwezani mukasempha. Oyamba bwino ambiri anathera poipa pamene anayamba kusonkhanitsa anthu mobisa n'kumati "anthu anga". Abusa nawonso asachite nsanje. Yoswa atapempha Mose kuti aletse Elidadi ndi Medadi kunenera, Mose anayankha kuti akanakonda anthu onse a Yehova akanakhala aneneri (Numeri 11:29).

Amayi ali ndi malo otani?

Za kudzoza amayi mipingo sigwirizana. Koma pa kuchitira umboni, kuphunzitsa ana ndi anzawo, kuzonda ndi kutonthoza, palibe mkangano. Woyamba kuuza ophunzira kuti Yesu wauka anali Mariya wa Magadala. Pa Aroma 16, Paulo akuyamba ndi Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, n'kutchula amayi ena angapo amene anagwira ntchito molimbika.

Chenjezo limodzi kwa onse, abambo ndi amayi: ngati ndinu mwamuna musayendere mkazi, ngati ndinu mkazi musayendere mwamuna, muli nokha m'nyumba yotseka, ndipo ana musakumane nawo kumalo obisika. Yesu anatuma ophunzira awiriawiri.

Ndatopa, ndipo sindikuona chipatso. Ndisiye?

Pumani kaye musanagamule. Yetero ataona Mose akuweruza anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo anamuuza mosabisa kuti zimenezo si zabwino, adzafooka iye ndi anthu omwe, agawireko ena (Eksodo 18). Yesu anaitana ophunzira kuti akapume pamene anthu anachuluka mpaka iwo kusowa mpata wodyera (Marko 6:31). Ngati ana anu akukuonani mwa apo ndi apo chifukwa muli kwa ana a eni, chepetsani. Anthu awiri kapena atatu owasamalira mokhulupirika aposa makumi awiri owalonjeza osafikako.

Za chipatso, nthawi yake si yanu. William Carey, wosoka nsapato, anafika ku India mu 1793, ndipo Mmwenye woyamba kubatizidwa mu ntchito yawo, Krishna Pal, anabatizidwa mu Disembala 1800. Paulo anati iye anadzala, Apolo anathirira, wokulitsa ndi Mulungu.

Ndingadziwe bwanji kuti kunyada kwandilowa? Kodi kuika zithunzi za utumiki pa Facebook n'kolakwa?

Zizindikiro zake n'zosavuta. Mumapwetekedwa mtima dzina lanu likapanda kutchulidwa pa zolengeza. Munthu amene mumamuthandiza akapita kwa wina kukafunsa nzeru, mumamva ngati wakuberani. Kudzudzulidwa kumakukwiyitsani msanga kuposa kale. Yohane anatchula munthu wotere, Diotrefe, wokonda kukhala woyamba (3 Yohane 9). Palinso kunyada kobisala: kukana ntchito iliyonse ponena kuti "ine ndine ndani". Mose atapitiriza kukana pa chitsamba choyaka moto, mkwiyo wa Mulungu unamuyakira.

Za zithunzi, Mateyu 6:1-4 akuchenjeza za kuchita zachifundo kuti anthu akuoneni. Pamwamba pa zimenezo pali ulemu wa munthu winayo. Wodwala ali pabedi, mayi wamasiye akulandira thandizo, mwana wamasiye: ambiri amavomera kujambulidwa chifukwa akuopa kuti akakana thandizo lithera pomwepo. Ngati gulu likufunika kupereka lipoti kwa amene anasonkha, jambulani katunduyo, lembani chiwerengero cha mabanja amene alandira, nkhope ndi mayina zisaoneke. Chithunzi cha mwana musachiike pa intaneti popanda chilolezo cha makolo kapena omulera, ndipo mukalowa m'nyumba ya wodwala foni ikhale m'thumba.